Mmene mungajambulire moyo wanu wa ku Joni ndi foni yomwe muli nayoyo

Chaka changa chachiwiri kuno ku Joni mayi anandifunsa pa foni kuti kodi iwe kumene umagonako nkooneka bwanji, pakhomo pake pali mtengo? Ndinati dikirani amayi ndikutumizirani pompano, nkutsegula foni kuyamba kufufuza, nde ndinapeza kuti pa zithunzi zonse zija panalibe ndi chimodzi chomwe choonetsa kumene ndimakhala. Zonse zinali ine nditaima pa mall, ine nditatsamira galimoto ya eni ake, ine nditatchena jekete ya Lamulungu. Zinandikhudza kwambiri chifukwa mayi ankangofuna aone chitseko chimene mwana wawo amalowapo usiku basi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kujambula mwadala zinthu za tsiku ndi tsiku, kamera yaikulu ndilibe, ndi foni yomweyi ndimaimbira kumudziyi, nde zimene ndaphunzira m'zaka zimenezi ndati ndizilembe mwatsatanetsatane kuti wina amene wangofika kumene asachedwe ngati mmene ndinachedwera ine.

Poyambira penipeni ndi pa kagalasi ka kamera kali kumbuyo kwa foniko. Foni timaiika m'thumba limodzi ndi makiyi ndi makobili a takisi, timaigwira ndi manja oti tangodyera chips, kagalasi kaja kamadzadza mafuta nde chithunzi chimatuluka ngati kunja kuli chifunga, magetsi a usiku nkumaoneka mizeremizere. Pukutani ndi kansalu kofewa kaya m'munsi mwa tisheti ya kotoni, nthawi iliyonse musanajambule, mpaka chikhale chizolowezi.

Mukapukuta lowani mu Settings ya kamera, izi mungopanga kamodzi basi. Yatsani Grid, pena pamalembedwa Grid lines, kuti pa sikirini pabwere timizere tiwiri toimirira ndi tiwiri topingasa, pa iPhone mukaipeza mu Settings ya foni pansi pa Camera. Kukula kwa chithunzi ikani pa 4:3 chifukwa pamenepo ndi pamene kamera imagwira zonse, zija za Full zimangodula m'mbali kuti zidzadze sikirini. Fulashi zimitsani. Zimitsaninso kolemba dzina la foni pakona ya chithunzi, ndi Location tags kuti chithunzi chisamanyamule malo amene munali. Chimene ndikupemphani kwambiri ndi Beauty ija, ichotseni ifike pa ziro, imatiyeretsa khungu ngati tadzola mafuta oyeretsa aja, mphuno kuichepetsa, makwinya onse kufufuta, mapeto ake m'bale wako kumudzi akuona munthu amene sakumudziwa. Khungu lathu ndi lokongola mmene lililimu likangopeza kuwala koyenera.

Nde tafika pa kuwala, apa ndikhalitsapo chifukwa chithunzi chabwino ndi choipa zimasiyanira pamenepa. Joni ali pamtunda kwambiri, pafupifupi mamita 1,750, kuposa ngakhale pa Dedza boma, ndipo dzuwa la masana kuno ndi laukali zedi. Mukajambula munthu 12 koloko maso ake amalowa mu mdima, pachipumi nkumanyezimira ngati wathira mafuta ophikira, iye nkumatsinzinanso chifukwa cha dzuwalo. Nthawi yabwino ndi ola loyamba dzuwa likangotuluka ndi ola lomaliza lisanalowe, kuwala kumakhala kofewa, kofiirira, kochokera m'mbali. Mu Disembala limatuluka itangokwana 5 koloko nkulowa cha m'ma 7 madzulo, pomwe mu Juni limatuluka 7 koloko ili pafupi ndipo ikamati hafu faifi lapita kale, nde amene timaweruka mochedwa nthawi yozizira bola kudalira m'mawa popita ku ntchito.

Nyengo ziwiri za kuno iliyonse ili ndi zake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumwamba kumakhala mbee opanda mtambo, udzu wauma, utsi wa mbaula ndi wa moto wa m'tchire uli lende pamwamba pa mzinda, dzuwa limadutsa motsika cha kumpoto nde mithunzi imatalika ngakhale masana, anthu avala zipewa ndi mabulangete pa mzere wa takisi nthunzi ikutuluka mkamwa, kwa ine imeneyi ndi nyengo yokoma kujambula kuposa zonse. Nthawi ya mvula kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi mitambo imaunjikana masana, kenako mabingu, pena matalala, koma ikangokata tulukani msanga chifukwa tala yonyowa imaonetsa magetsi a galimoto ndi nyumba zonse ngati kalilole, tsitsani foni pafupi ndi chithaphwi muone zimene zimatuluka. Koma mphenzi za kuno si zosewera nazo, mabingu akayamba musakhale pa phiri kapena pansi pa mtengo ati ndijambule mitambo.

Pojambula munthu choyamba yang'anani kumene kuwala kukuchokera musanayang'ane zina zonse. Ambiri timamuimika munthu kumbuyo kwake kuli thambo lowala kapena windo, foni nkuyeza kuwala kwa kumbuyoko, nkhope nkuda bii. Mutembenuzeni kuti kuwala kumufike pankhope kaya cha m'mbali pang'ono. Ngati ndi masana mulowetseni pa mthunzi koma cha kumapeto kwake, nkhope iloze kumene kukuwala. Malo amene sanandikhumudwitsepo ndi pa chitseko, munthu aime mkati pang'ono sitepe imodzi, inu muime panja, kumbuyo kwake kumada bwino nkhope nkuwala mofewa maso akuoneka amoyo. Ngati mbali imodzi ya nkhope yada kwambiri muuzeni mnzanu agwire katoni yoyera kaya shiti yoyera cha kumbali imeneyo, imabweza kuwala.

Kenako dinani pankhope ya munthuyo pa sikirini kuti fokasi ikhale pamenepo, osangosiyira foni isankhe yokha. Mukadina pamabwera kadzuwa kakang'ono kapena kamzere pambali, mukakakweza chithunzi chimawala mukakatsitsa chimada. Mukadina nkugwiritsa chala kwa masekondi awiri mafoni ambiri amakhoma fokasi ndi kuwala kuti zisasinthesinthe. Pa dzuwa lolowa tsitsani pang'ono, mitundu imakhwima. Chimodzimodzi pojambula amayi a Mvano ndi mabulauzi oyera aja kapena mkwatibwi, choyera chikapsa sichibwereranso ngakhale muedite bwanji, pomwe nkhope yoderako pang'ono mutha kuiwalitsa pambuyo.

Za zumu ndinene mwachidule, isiyeni. Kukoka ndi zala ziwiri kuja kumangokulitsa timadontho chithunzi nkuphwanyika. Ngati foni yanu ili ndi ma lenzi angapo gwiritsani manambala olembedwa kale aja, 1x kaya 2x, kupitirira apo yendani ndi miyendo muyandikire.

Poika zinthu m'chithunzi timizere ta Grid tija ndi pamene timagwira ntchito. Musamangoika munthu pakatikati nthawi zonse, muikeni pa kamzere koimirira ka kumanja kaya kumanzere, mbali inayo ionetse kumene ali, msewu wake, shopu yake, chifukwa a kumudzi akufuna aone munthuyo ndi malo omwe. Mzere wa pansi, kaya ndi msewu kaya denga, ugwirizane ndi kamzere kopingasa kuti dziko lisapendekeke. Musanadine yendetsani maso m'makona onse anayi, kodi palibe pholo ya magetsi imene ikuoneka ngati yamera pamutu pake, kodi bini ili pambalipo mukuifuna, kodi mapazi simunawadule. Mwana mujambuleni mutanjuta kuti foni ifanane ndi maso ake. Nyumba zitalizitali mukaima m'munsi nkupendeketsa foni zimaoneka ngati zikugwa chagada, bwererani m'mbuyo mugwire foni mowongoka. Ndipo gwirani ndi manja awiri zigongono zitagunda m'nthiti, kudina mutha kudinira batani la voliyumu, ndipo musajambule kamodzi nkuchoka, jambulani kasanu kaya kakhumi mudzasankha kunyumba.

Pali mayi wina amaotcha chimanga pakona ina ya kwathu ku Yeoville, ndinakhala ndikugula kwa iye masabata angapo ndisanatchule nkomwe za chithunzi. M'mawa wina wa mu Juni dzuwa linali kumbuyo kwake likubowola utsi wa pa mbaula, utsi wonse unasanduka golide, manja ake akutembenuza zisononkho mwachangu osapsa, ndinati mama ndingakujambuleni? Anaseka nkuti dikira kaye, anakonza duku, nkupukuta manja pa epuloni, nkuima chilili ngati wa pa chiphaso. Ndinajambula chimenecho chifukwa ndi chimene iye ankafuna, kenako kasitomala anabwera iye nkuiwala za ine nkubwerera pa moto wake, ndipo chimene ndinajambula pamenepo ndi chimene ndimachikonda pa zithunzi zanga zonse. Apa ndinachita kulola dzuwa likhale kutsogolo kwanga chifukwa utsi, fumbi ndi nthunzi zimaoneka bwino kuwala kukachokera kumbuyo kwake, ndinangodina pankhope nkutchinga kagalasi ndi dzanja pamwamba ngati chipewa. Ndinakatsukitsa zonse ziwiri nkumupatsa, mpaka lero akandiona amandisankhira chimanga chanthete.

Izi zikutifikitsa pa nkhani ya kupempha ndi ya chitetezo, abale anga apa musadumphe. Munthu amene nkhope yake ioneke bwinobwino mupempheni, akakana nenani zikomo nkupita, osamuba. Tikudziwa tonse kuti ena mwa ife mapepala awo sali bwino, ena kwawo sakudziwa ntchito imene akugwira kuno, nde chithunzi cha mnzanu musaponye pa Facebook kaya pa status musanamufunse. Amene timagwira m'nyumba ndi m'magadeni a mabwana, nyumba ya bwana, geti, nambala ya galimoto, ana awo, zimenezo ayi ndithu, ntchito itha kutha tsiku lomwelo ndipo akuba amaonanso zithunzi zomwezo. M'ma mall, m'masiteshoni ndi pa nyumba za boma magadi akakuletsani musalimbane nawo, bwezani foni m'thumba.

Mtauni muja, cha ku Bree kaya Noord kaya Small Street, foni imatha kuchoka m'manja ngati mphezi. Mmene ndimachitira ine, chithunzi ndimachiona kaye ndi maso foni ili m'thumba, ndimasankha poima msana utatsamira khoma kapena ndili pakhomo pa shopu, kenako kutulutsa, kujambula, kubweza, zonse masekondi ochepa, kuona mmene chatulukira ndimakaonera kunyumba. Osayenda ukuyang'ana sikirini, osaima m'mphepete mwa msewu foni ili m'mwamba, osatulutsa dzanja pa windo ya takisi. Bola kupita awiri wina aziyang'ana kumbuyo, ndipo Lamulungu m'mawa mtauni mumakhala mwa phee koma phee yemweyo ndi amene amafunanso kusamala, pitani kumene kuli anthu. Wina akakuopsezani mupatseni foniyo basi.

Malo oti muyambire alipo ambiri osalipira. Pa phiri la Yeoville pamene anthu amakapemphera paja mumaona Ponte ili pafupi, nyumba yozungulira ija ya mamita 173 imene inatha kumangidwa mu 1975, ndi nsanja ya Hillbrow ya mamita 269, nde popeza Yeoville ali kum'mawa kwa tauni, m'mawa dzuwa limakhala kumsana kwanu nkuwalitsa nyumba zonse, madzulo zimasanduka zakuda kumbuyo kuli thambo lofiira. Pitani pagulu, ndipo anthu opemphera aja alemekezeni, ngati mukuwafuna m'chithunzi akhale patali nkhope zisaoneke. Pa Nelson Mandela Bridge, mlatho umene unatsegulidwa mu 2003 wolumikiza Braamfontein ndi Newtown, pansi pake pali njanji zambirimbiri ndi masitima oimikidwa, mizere imeneyo imakoka diso bwino kwambiri. Ku Newtown komweko kuli Market Photo Workshop, sukulu ya zojambula zithunzi imene wojambula wotchuka David Goldblatt anayambitsa mu 1989, amaonetsako zithunzi za ojambula enieni, kukaima pamaso pa chithunzi chachikulu chotsukidwa bwino kumakuphunzitsa zimene sikirini ya foni singakuonetse. Amene mumagwira ntchito cha ku Randburg, pa phiri la Northcliff mzinda wonse umaoneka patali ndipo nthawi yake ndi madzulo. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala ma jakaranda amachita maluwa ku Kensington, Melville, Parkview, ngati mmene amachitira ku Blantyre ndi ku Zomba, jambulani kukakhala mitambo kapena mvula itangokata maluwa atayala pansi, pa dzuwa lamphamvu mtundu wake uja umafwifwa.

Koma zimenezo ndi za alendo omwe amajambula, zimene palibe wina angajambule koma inu ndi za m'nyumba mwanu. Poto wa nsima pa sitovu ya mbale ziwiri, usipa umene wabwera ndi transipota uli pa nyuzipepala, nsapato za ku ntchito zili pakhomo, zovala pa chingwe kumbuyo kwa fulati, manja a anthu pa msewu akulozera takisi chala m'mwamba kuti akupita mtauni, mpira wa Lamulungu wa anyamata akwathu, kwaya ikuyeserera mu galaja, zikwama za mizeremizere zija zitaunjikidwa pa Park Station pokwerera mabasi paja zitalembedwa maina ndi mafoni a ku Mangochi ndi ku Mzimba, kungoti pamenepo muime moti manambala a anthu asawerengeke. Dzipatseni ntchito ya sabata imodzi, chithunzi chimodzi patsiku cha chinthu chimene mumachiona tsiku lililonse, inuyo musaonekemo.

Usiku kaya magetsi akazima musathamangire fulashi, imaphwetsa nkhope nkufiiritsa maso. Ikani kandulo kaya tochi ya foni ina cha m'mbali mwa munthuyo, yatsani Night mode ngati ilipo, foni muitsamiritse pa kapu kaya pa njerwa nkuika timer ya masekondi atatu kuti dzanja lisaigwedeze, munthuyo akhale duu mpaka ithe.

Pa ulendo wopita kumudzi pa basi yesetsani kupeza mpando wa ku windo, pukutani galasi, foni muigundike pagalasipo kuti isagwire zithunzithunzi za mkati mwa basi, ndipo lozani zinthu zakutali chifukwa zapafupi zimathamanga nkusokonekera. Milambe ya cha ku Musina ndi ya ku Tete, Zambezi mukamawoloka, mapiri mukamayandikira Zobue ndi Mwanza, zonsezo zimatuluka bwino m'mawa ndi madzulo. Pa boda, kaya Beitbridge kaya Nyamapanda kaya Mwanza, ndi pa ma rodibuloko a apolisi, foni ikhale m'thumba. Batire isungeni, ulendo ndi wa masiku awiri pena kuposa.

Kuedita kukhale ngati mchere mu ndiwo. App yoeditira zithunzi ya Snapseed ndi yaulere ndipo imakwana, wongolani chithunzi ngati chapendekeka, dulani zosafunika m'mbali, kwezani Shadows pang'ono kuti nkhope ioneke, tsitsani Highlights, basi. Mukaona thambo layamba kuoneka ngati penti kaya khungu lasanduka lalanje dziwani mwapyola, bwererani.

Potumiza, WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, nde chofunika kwambiri tumizani ngati Document kuti chifike chonse, kapena dinani HD pamwamba paja musanatumize, koma ganizirani bandulo ya amene akulandira kumudzi, asankhireni zitatu zabwino kusiyana nkuwakhuthulira makumi atatu.

Chotsiriza ndi kusunga, ndipo ichi ndinachiphunzira mowawa. Foni yanga yoyamba inabedwa ndikutsika takisi madzulo, munali zithunzi za zaka zitatu, munalinso za mnzanga wa ku Nkhotakota amene tinkagona chipinda chimodzi. Patapita miyezi anadwala nkumwalira, tinasonkherana kuti thupi lipite kwawo, achemwali ake atandipempha chithunzi chake chabwino choti akulitse ndinalibe, ndinangopeza kamodzi kofinyika kale pa gulupu ya WhatsApp, nkhope yosaoneka bwino. Chonde lero lomwe tsegulani Google Photos muyatse Backup kuti zithunzi zizisungidwanso pa intaneti, akaunti ya Google imabwera ndi 15 GB yaulere imene imagawana ndi Gmail, ikani kuti izikweza pa Wi-Fi pokha kuti isakumalizireni data, ndipo imelo ndi pasiwedi yake lembani m'kabuku kamene kamakhala kunyumba, chifukwa ambiri akaunti anatitsegulira ndi wa pa shopu tsiku logula foni ndipo sitiidziwa. Memore khadi yokha siyokwanira, imapita limodzi ndi foniyo.

Ndipo zina muzitsukitsa. Mashopu otsuka zithunzi alipo m'ma mall ambiri, saizi wamba amaitcha jumbo, ya masentimita 10 kwa 15, pitani ndi chithunzi chochokera mu gallery osati chimene chadutsa pa WhatsApp. Kwathu kuli chithunzi chimodzi cha agogo aamuna cha nthawi imene ankagwira m'migodi ya golide kuno pa Wenela, Kamuzu asanaletse ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ali mu situdiyo atavala suti ndi chipewa dzanja lili pa kampando, m'makona chinadyeka koma chilipo, kungoti kumbuyo kwake sikunalembedwe kanthu nde mgodi wake ndi chaka chake anapita nazo okha. Nchifukwa chake ine chilichonse chimene ndatsukitsa ndimalemba kumbuyo ndi pensulo dzina la munthu, malo ndi chaka, bolopeni imaboola nkuonekera kutsogolo. Mukamapatsira transipota ziikeni mu envulopu pakati pa makatoni awiri olimba, nkukulunga mu jumbo ya pulasitiki kuopa mvula ndi mafuta ophikira amene amayenda nawo m'katundu.

Mu envulopu yoyamba imene ndinatumiza kwa mayi munali chitseko cha chipinda changa chojambulidwa m'mawa, chobiriwira, penti itakanuka m'munsi, pambali pali ndowa ndi kachitini kamene ndinadzalamo mpiru. Ataimba sanafunse za mall kapena za Ponte, anafunsa kuti mpiruwo ndimauthirira kangati.